Ndinatapa Phazi la Mtengwa Wanga Chifukwa cha Mpira

Amayi anzanga mwa Ambuye, landirani moni, inu amene mumandidziwa ndi inu amene dzina langa mukulimva koyamba. Ine ndine Nangozo wa ku Biriwiri. Abusa atandipempha kuti ndilembe umboni uwu kuti uwerengedwe pa msonkhano wanu, ndinayamba ndakana, chifukwa nkhani yanga ndi yamanyazi, komanso ndi yoseketsa. Ena amagwa ndi mowa, ena amagwa ndi amuna a eni. Ine ndinagwa ndi mpira, mayi wamkulu amene chibadwire sindinaumenyepo ndi kamodzi komwe. Amene akufuna kuseka aseke, koma amve mpaka kumapeto, chifukwa mwina pakati panu pali wina amene ali ndi mtengwa pakhomo ndipo wayamba kale kumuwerengera.

Zinachitika m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene mumsika sunkalowa wopanda khadi. Bambo a ana anga anali atamwalira, ana aakazi atakwatiwa kutali, ine n'kutsala ndi mwana wamwamuna mmodzi, Yotamu. Tinkadalira dimba la kabichi ndi tomato. Yotamu anali goloboyi wa timu ya kwathu, wamtali ngati malemu bambo ake. Chaka chimenecho akuluakulu a masewero kuboma anayambitsa ligi ya matimu a m'madera. Munali ife a ku Biriwiri, a ku Champiti ndi ena, koma matimu ambiri anali a kuchigwa cha Bwanje. Timu iliyonse inkayenera kukumana ndi inzake kawiri, kamodzi pakhomo, kamodzi koyenda. Kenaka inamveka mbiri yakuti ligi ikatha kudzabwera anthu a kampani ina ya ku Blantyre kudzasankha anyamata a timu yawo, ndipo wosankhidwayo adzapatsidwanso ntchito pakampanipo. Ankati kwa goloboyi sayang'ana nkhope, amangofunsa kuti m'golo mwake mwalowa zigoli zingati. Mawu amenewo anandilowa mumtima n'kukhazikika.

Nthawi imeneyo n'kuti Yotamu atangokwatira kumene. Mkazi wake, Esnati, anali wa ku Bwanje, kumene amalima mpunga. Akwawo ankafuna kuti Yotamu akakhale chikamwini, koma ine ndinalirira ankhoswe kuti ndine wamasiye, dimba ndilima ndi yani, mpaka anavomera chitengwa. Mtsikanayo anakwera phiri kudzakhala nafe. Anali wofatsa, wolimbikira ntchito. Kuzizira kwa kwathu kunkamuvuta, mwezi wa Juni milomo inkachita kung'ambika, koma sankadandaula. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu: sanandilakwirepo kanthu.

Pamsewu panali sitolo ya Che Amidu, Msilamu wogulitsa sopo, mchere, palafini ndi nsalu. Anali munthu wokonda mpira, ngakhale kuti kubwalo sankapita chifukwa Loweruka ndi tsiku la malonda. Iye anakhoma bolodi pakhonde, ndipo Lolemba lililonse ankalembapo ndi choko mmene ligi ikuyendera: timu iyi yasewera kangati, yapambana kangati, yalepherana ndi inzake kangati, yagonja kangati, yamwetsa zigoli zingati, yamwetsedwa zingati, kumapeto mapointi. Amuna ankaunjikana pamenepo kukangana ngati pabwalo la milandu. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma manambala ndimawerenga. Ndinapempha Che Amidu kuti andionetse mzere wa zigoli zomwetsedwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkautchula kuti mzere wa Yotamu. Ndikapita kukagula mchere, maso ankayamba afika pamenepo. Nambala ikakhala momwe inalili, ndinkabwerera ndikuimba. Ikakwera, chakudya sichinkandilowa.

Mpira ukakhala pakhomo ndinkapita. Ndinkaima kuseri kwa golo la Yotamu, chigawo chikatha n'kusamuka naye kupita ku golo linalo, milomo ikugwedezeka ndi pemphero. Ndipo tinkapambana. Panali bambo wina wochemerera timu, aZuze, wa mawu omveka mpaka tsidya la malire, amene anayamba kunditchula kuti goloboyi wachiwiri. Ndikangotulukira, iwo ankauza anthu kuti akhazike mitima pansi, mpanda wafika. Ndinkachita ngati ndikukana, amvekere ine ndani, koma mumtima zinkandikomera kwambiri. Ndinayamba kukhulupirira kuti mipira imene Yotamu ankagwira, theka linali lake, theka langa.

Mpira ukakhala kuchigwa sindinkapita, ndi kutali ndipo mawondo anga sagwirizana ndi zitunda. Ankapita ndi Esnati. Anyamata ankanyamuka m'mamawa panjinga, awiriawiri, iye n'kutsagana nawo chifukwa unali mwayi wake wokaona mayi ake. Mayi akewo ankaphikira timu yonse mpunga mpira ukatha, osafunsa kanthu. Koma kumeneko tinkagonja, ndipo Lolemba mzere wa Yotamu unkakwera.

Ndiye ndinayamba masamu anga. Pa mizere ya Che Amidu ndinawonjezerapo wanga wa m'mutu: pabwalo panali ndani? Pamene pali ine, tapambana. Pamene pali Esnati, tagonja. Ndinkawerenga pothirira, ndinkawerenga popita ku tchalitchi, ndipo zinkatuluka chimodzimodzi. Kunena zoona sizinkatuluka chimodzimodzi ayi. Loweruka lina ife amayi tinatengedwa pa lole kukayeserera magule a chipani kuboma, timu inasewera pakhomo ine kulibe, n'kupambana bwino lomwe. Limenelo sindinaliwerenge. Ku Champiti tinakagonja Esnati ali kunyumba, mutu ukumupweteka. Pamenepo ndinati woyimbira anakondera. Chilichonse chosagwirizana ndi masamu anga ndinkachiponya kunja ngati tomato woola.

Ndinayamba ndi kuuza mnzanga mmodzi pachitsime, monong'ona, kuti mtsikana uja ali ndi minyama. Kenaka ndinauza aZuze, ndipo kuuza aZuze kunali ngati kuuza wailesi. Posakhalitsa anyamata a timu anakana kuti Esnati aziyenda nawo. Ana akamuona akubwera ankanyamula kampira kawo ka nsanza n'kuthawa nako kuti kasakhudzane ndi mapazi ake. Iye ankaona zonsezi. Ankafika kunyumba maso ali ofiira, n'kundigwadira, n'kundiuza kuti madzi osamba atentha. Yotamu anandifunsa ngati nkhaniyi inachokera kwa ine, ndipo ndinakana mpaka kulumbira. Iye anangoti mpira ulibe apongozi, anthu amusiye mkazi wake. Loweruka lotsatira anamutenga mwamakani kupita naye kuchigwa, ndipo anamwetsedwa zigoli zambiri kuposa masiku ena onse. Kwa ine umenewo unali umboni wotsiriza.

Apa ndi pamene ndinagwera, amayi anzanga. Ine amene ndinkayambitsa nyimbo Lachinayi lililonse, wa bulauzi yoyera ndi duku loyera, ndinaika nkhuku m'dengu, n'kuvundikira masamba a kabichi pamwamba, n'kudumpha malire kupita kwa sing'anga. Ndinadzinamiza kuti sindikufuna kupha munthu, ndikungofuna kuti abwerere kwawo mpaka ligi ithe. Sing'angayo sanadabwe nane. Anandipatsa kaufa kakuda m'kapepala, n'kundiuza kuti nditape phazi la mtsikanayo, ndiye kuti ndifukule dothi la pamene waponda ndi phazi lamanzere, ndisakanize ndi ufawo, ndikamwaze pamphambano pamene njira imayamba kutsikira ku Bwanje. Anati mapazi ake adzatsata dothi lawo.

M'mawa mwake tinapita limodzi kukathirira. Dothi la m'dimba ndi lonyowa, phazi limadinda bwino, zala zonse kuoneka. Esnati atanyamula ndowa kulowera kumtsinje, ndinagwada pamene anaponda n'kuyamba kufukula ndi manja, kumaika pansonga ya chitenje. Sindinamve kuti wabwerera. Anali ataiwala nkhata. Nditadzutsa mutu ndinapeza ataima patsogolo panga, akuyang'ana kadzenje kamene kanali phazi lake.

"Amayi, phazi langa mukulifuna la chiyani?"

Ndinati ndikufuna mbozi zimene zikudula mbande. Iye anayang'ana chitenje changa, kenaka n'kuyang'ana ine.

"Mukanangondiuza kuti ndizipita, amayi. Ndikanapita."

Sanalire, sanatukwane. Anatola nkhata yake n'kuthirira mabedi onse mpaka lomaliza. Mawa lake anamanga katundu wake m'nsalu n'kutsika. Kwa Yotamu anangonena kuti watopa ndi kulozedwa zala, za m'dimba sanamuuze. Ndipo ine, mverani bwino apa, ngakhale ndinagwidwa chotero, dothi lija ndinakamwazabe pamphambano tsiku lomwelo. Nditaona kuti wapitadi, ndinalowa m'nyumba, ndinagwada, n'kuthokoza Mulungu kuti wandiyankha. Palibe chimene ndimachita nacho manyazi kuposa pemphero limenelo. Lachinayi ndinavala zoyera zanga monga mwa masiku onse n'kukayambitsa nyimbo, ndipo amayi anandiyamikira kuti mawu anatuluka bwino.

Ndime yachiwiri ya ligi inayamba, ine ndikuyembekeza kuti mzere wa Yotamu uima. Sunaime. Anyamata awiri otchinga kumbuyo, amene ankamuteteza, analembedwa ntchito ku maesiteti a fodya n'kupita. Olowa m'malo mwawo anali ana, adani ankangowadutsa ngati palibe munthu. Yotamu mwiniwake masiku okonzekera sankapezeka. Ankakhalira panjinga kutsika ku Bwanje kukanyengerera mkazi wake, n'kubwerera yekha, wotuwa, chakudya osachikhudza. Tinagonja kuchigwa, Esnati osapondako n'komwe kubwalo. Kenaka tinagonja pakhomo, ine nditaima kuseri kwa golo. Tinagonjanso. Ndinawonjezera kupemphera mpaka kusala kudya, koma pemphero linkangothera m'kamwa ngati madeya.

Tsiku limene a ku Champiti anabwera kwathu, chigawo choyamba chisanathe Yotamu anali atatola kale mpira m'tchire kuseri kwa golo kangapo. Pa nthawi yopuma ndinanyamuka kuti ndisamukire ku golo linalo, ndipo ndinapeza aZuze atanditsekera njira, anyamata ali pambuyo pawo.

"ANangozo, masamu aja munatiphunzitsa ndinu, ndipo tinawagwira bwino," anatero. "Mtengwa anapita, minyama yatsala. Ndime ino pamene mwaima inu ndi pamene zikulowera. Tatipumitsani, mukapempherere kunyumba."

Anthu anaseka. Wina anakuwa kuti goloboyi wachiwiri wagulidwa ndi a ku Champiti. Ndinayang'ana amayi amene ndinkapemphera nawo, aliyense anapeza chokonza pa mwana wakumbuyo. Ndinayang'ana Yotamu, anali atakhala pansi m'golo, mutu pakati pa mawondo. Ndinadutsa bwalo lonse kutuluka, ana akupatuka panjira yanga monga ankachitira ndi Esnati.

Kunyumba sindinathe kufika. Nditafika pa sitolo ya Che Amidu, ndinangokhala pakhonde, pansi pa bolodi lija. Iye anamaliza kuthirira munthu palafini m'botolo, anauza mkazi wake kuti andipatse madzi, n'kudzakhala pa thumba la mchere chapatali pang'ono. Sanafunse chimene chachitika, mbiri inali itandipitirira kale panjira. Ndinamwa madziwo.

Kenaka anayamba kulankhula pang'onopang'ono, ngati munthu wokamba za nyengo. Anati iye choko amachigwirira matimu onse, osati yathu yokha, ndipo amene amabweretsa zotsatira amamuuzanso mmene mpira wayendera. Matimu a kuchigwa akakwera kuno amagonja, anatero, chifukwa mphepo ya kuno imawaumitsa miyendo. Komanso bwalo lathu ndi lopendekeka, ndipo athu amadziwa kuyamba ndi chitunda kuti adzatsetsereke adani atatopa. Athu akatsika kuchigwa amagonja, ndipo zigoli zambiri zimalowa chigawo chachiwiri, chifukwa mnyamata wapalasa njinga kuyambira m'mamawa, m'mimba mulibe kanthu, ndiye akathamange padzuwa la ku Bwanje. Pafupifupi timu iliyonse ya pabolodipo mapointi ake ambiri inawapezera kwawo.

"Ndiye tandiuzani, aNangozo, matimu onsewa ali ndi atengwa aminyama?"

Iye anapitiriza kuti za ndime ino n'zosavuta kumva. Ukachotsa otchinga kumbuyo, mipira yopita kwa goloboyi imachuluka, ndipo goloboyi wosadya sangaigwire yonse, kaya mayi ake aime kuseri kaya akhale kunyumba. Apo mtima unatsika pang'ono, ndinkaona ngati akundichotsera mlandu umene aZuze anandipaka. Koma anali asanamalize.

"Funso limodzi lokha. Mpira ukakhala pakhomo, mtengwa wanu ankakhala kuti?"

"Ku dimba," ndinatero.

"Ankamusiya ku dimba ndani?"

Amayi anzanga, funso limenelo linandivula. Loweruka lililonse la mpira wa pakhomo, ndine ndinkamuuza kuti atsale athirire kabichi, ine ndikapempherere timu. Masewero opambana ndinkadzisankhira ndekha, ogonja n'kumusiyira iye, kenaka n'kukhala pansi kuwerenga kuti wamwayi ndani. Mtsikanayo sindinamulole ndi tsiku limodzi lomwe kuona mwamuna wake akupambana, kumva anthu akuimba dzina lake. Iye ankangoona dzuwa, fumbi ndi zigoli zolowa, ndipo ankapitabe, ankamutengera madzi. Ndinalira pakhonde paja, ogula akundilambalala. Che Amidu za phazi sankadziwa, ndipo sindinamuuze. Anangoti Mulungu amene iye amamugwadira, amenenso ine ndimamugwadira, sakonda kunamiziridwa, kenaka anabwerera kukagulitsa. Ndimathokoza Ambuye chifukwa cha bambo ameneyo. Sanali wa mpingo wathu, koma ndi amene anatumidwa kwa ine.

M'mawa mwake, m'malo mopita ku tchalitchi, ndinaitanira Yotamu kuseri kwa nkhokwe n'kumuuza zonse: za pachitsime, za kulumbira monama, za nkhuku, za m'dimba, za pamphambano. Mtima unkandiuza kuti ndisiyeko zina, koma ndinadziwa kuti kusiyako zina ndi kumene kunandifikitsa pamenepa. Anamvetsera ali chiimire. Nditamaliza anayang'ana nkhuku zikupalasa. Kenaka anati:

"Phazi munatapalo linali la anthu awiri, amayi. Esnati ndi woyembekezera."

Anatenga njinga n'kupita, ndipo mpira wa Loweruka lotsatira anagwira ndi wina.

Kwa akulu a mpingo ndinapita ndekha, asanandiitane. Anandiimitsa mgonero, ndipo bulauzi ndi duku ndinakazipereka kwa amayi otitsogolera. Lamulungu ndinkakhala benchi la kumbuyo, pamodzi ndi atsikana otenga mimba za pathengo amene ine ndemwe ndinkawayang'ana ndi diso loipa. Anandisendera malo. Akulu aja anandiuzanso chinthu chimene chinandivuta kuposa kuimitsidwa, chakuti bodza ndikalizule kumene ndinalidzala. Ndiye ndinapita pachitsime nthawi imene amayi amachuluka, n'kutsutsa mokweza zimene ndinanena monong'ona. Ena anandimvera chisoni, ena anathamanga nayo nkhani asanadzaze ndowa. Ndinapitanso kwa aZuze. Iwo anayesa kuziseketsa, amvekere tonse masamu tinalephera, tibwereze kalasi. Koma ndinawapempha kuti mawu awo aakulu aja ayeretse nawo dzina la Esnati monga analidetsera. Anachitadi, pabwalo, anthu onse akumva.

Chotsala chinali kutsika. Ndinapita ndi achimwene anga, amene anali ankhoswe a ukwatiwo. Tinanyamuka m'mawa, mbali ina pa lole, mbali yaikulu wapansi. Dzuwa litafika pamutu tinali m'chigwa, ndipo ine amene sindinathamange, amene ndinkangoyenda, malovu anauma, maso anachita mdima, ndinkangokhalira kupempha kuti tipume pamthunzi. Ndinaganiza za ana a eni aja, kuthamangitsa mpira pamoto wotere, ine kumtunda ndili pamphepo ndikuti ndi minyama.

Mayi a Esnati anatiyalira mphasa, koma moni wawo unali wouma. Zonse anali atazimva kwa Yotamu, chifukwa mwana wawo ngakhale kwa iwo anali atabisa. Ankhoswe atayankhula, ine ndinagwada n'kupepesa. Mayiwo sanatukwane. Anangofunsa chinthu chimodzi.

"Dothi la mwana wanga lili kuti? Mundibwezere."

Ndinalibe. Linali litamwazika pamphambano, anthu ndi ng'ombe atapondapo, mphepo itatenga. Ndinayesa kuwauza kuti ufa wa sing'anga ulibe mphamvu, kuti Esnati anachoka chifukwa cha nkhanza zanga osati mankhwala. Iwo anati zimenezo ndazidziwa lero, koma tsiku lomwaza ndinkafuna kuti zigwire. Anati pathupipo pakachitika kanthu adzadziwa kofunsa. Ankanena zoona.

Nthawi yonseyi Esnati anali pakhomo la khitchini akupeta mpunga. Pomaliza ankhoswe a kwawo anamufunsa maganizo ake.

"Ndawakhululukira," anatero, maso ali pa lichero. "Koma kumtunda sindidzakweranso. Amene akundifuna atsike."

Chitengwa chinathera pamenepo. Yotamu anamanga nyumba kwa apongozi ake n'kuyamba kuphunzira kulima mpunga. Ligi tinaimaliza tili chakumunsi kwa bolodi, ndipo anthu a kampani aja atabwera anatenga goloboyi wa timu ina. Ntchito imene ndinagulitsira mtengwa wanga sinabwere, mwana amene ndinkamukakamira anachoka, dimba ndinatsala nalo ndekha, ndipo theka lake linamera udzu chifukwa manja awiri sakanatha kulithirira lonse.

Miyezi yodikira ija ndinaphunzira kupemphera kwa mtundu wina, kosauza Mulungu zochita. Ndinkangoti, Ambuye, mlandu ndi wanga, musaulipiritse kwa mwana. Aliyense wochokera kuchigwa akaima pakhomo, ndinkaopa kuti wabweretsa uthenga woipa. Ndipo Ambuye anandichitira chifundo chimene sindinachiyenere. Kunabadwa mwana wamkazi wamphumphu, wolira mokweza. Uthenga anabweretsa ndi Yotamu mwiniwake, ndipo tsiku limenelo anadya chakudya cha m'manja mwanga koyamba chichokereni kuseri kwa nkhokwe kuja. Mwana atatuluka m'chikuta anandilola kukamuona. Agogo ake a kuchikazi ndi amene anamuika m'manja mwanga, osamwetulira, koma anamuika. Patapita nthawi mpingo unandibwezera mgonero, ndipo zoyera zanga ndinazivalanso, ngakhale kuti nyimbo ndinapempha kuti aziyambitsa ena.

Tsono inu amene muli ndi atengwa, kapena akamwini, kapena mwana wamasiye amene mukumusunga pakhomo, ndimvereni. Kuwerenga si tchimo. Che Amidu ankawerenga, ndipo kuwerenga kwake kunali koona chifukwa ankalemba zonse, zomukomera ndi zomuipira, za timu yathu ndi za eni. Ine ndinayamba ndi yankho, kenaka n'kumasaka manambala oti andivomereze. Mukaona kuti zoipa zonse za pakhomo panu zikugwera pa dzina limodzi, kaya ndi matenda, kaya ndi malonda osayenda, kaya ndi mwana wolephera mayeso, imani kaye. Dzifunseni kuti ndi masiku ati amene mwawasiya osawerenga, ndiponso kuti munthuyo anamuika ndani pamene waimapo. Kafunseni munthu wakunja, amene alibe chifukwa chokusangalatsani. Ngati mwanong'oneza kale wina pachitsime, bwererani komweko mukazule mawuwo asanakule. Ngati munafika kale kwa sing'anga monga ine, musadikire kuti akugwireni. Nenani zonse, osasiyako, kuyambira kwa amene munamulakwira. Zidzawawa, ndipo sindikunamizani kuti zonse zidzabwerera mwakale.

Papita zaka tsopano. Ukwati wa Yotamu ulipo, ana anachuluka, ndipo chifukwa cha zimenezo ndimathokoza m'mawa uliwonse. Kabichi akakhwima ndimatsika naye ku Bwanje. Esnati amandilandira bwino, amandiphikira, amandiyalira pogona pabwino, pobwerera amandimangira mpunga. Palibe anganene kuti amandisungira chakukhosi. Koma chichokereni m'dimba muja sananditchulenso kuti amayi. Amagwada mwaulemu wonse n'kunena kuti, "Mwayenda bwanji, aNangozo?" Ine ndimayankha kuti ndayenda bwino, mwana wanga. Sindinamupemphe kuti asinthe, ndipo sindidzamupempha, chifukwa dzina limenelo ndinalitaya ndekha.

Mukamapemphera mundikumbukire, ndipo mumukumbukire iye koposa ine. Ambuye akusungeni nonse pamodzi ndi a m'nyumba mwanu. Amen.